Kusankha kamera ya DSLR yogwirira ntchito: Canon, Nikon ndi zoyenera kuona musanatulutse ndalama

Wojambula amene ntchito yayamba kumuyendera amafika nthawi yoti kakamera koyambira kaja, kaya ndi Canon 1200D kapena Nikon D3200, kayamba kumukhumudwitsa. M'tchalitchi chamdima zithunzi zikutuluka zamchengamchenga, mkwatibwi akamayenda fokasi ikutsalira pa anthu akumbuyo. Apa m'pamene amayamba kufunsa anzake kuti atenge iti pakati pa Canon 5D Mark IV ndi Nikon D850, kapena adzipanikize mpaka afike pa Canon 1D X. Mayankho ambiri amene amalandira amazungulira pa nambala ya megapixel, kutanthauza mamiliyoni a timadontho timene timapanga chithunzi. Kwa ine nambala imeneyi ndi yomalizira kuiganizira. Choyamba ndi ntchito imene imakubweretserani ndalama, kenako malenzi, ndipo bodi, ndiye kuti kamerayo payokha popanda lenzi, imasankhidwa pambuyo pa ziwirizi.

Kuti izi zimveke, tiyambe taona zimene zili m'kati mwa DSLR. Kuseri kwa lenzi kuli kagalasi kopendekeka. Kuwala kukalowa, kagalasika kamakukankhira m'mwamba, kumadutsa mu galasi lina lokhuthala lija limapangitsa kamera kukhala ndi linunda pamwamba, n'kufika m'diso mwanu. Ndiye chimene mumaona posuzumira si kanema, ndi chinthu chenichenicho kudzera mu lenzi. Pakati pa kagalasi kaja pamadutsa kuwala pang'ono, kumene kagalasi kena kakang'ono kumbuyo kwake kamakutsitsira pansi pa bodi. Kumeneko n'kumene kuli kachipangizo koyeza fokasi. Mukadina batani, kagalasi kamanyamuka, kachitseko kotchedwa shutter kamatseguka, kuwala kumagwera pa sensa, kachipangizo kamene kamagwira chithunzi, kenako zonse zimabwerera m'malo mwake. Phokoso lija mumamva ndi la zimenezi.

Kapangidwe kameneka kali ndi zotsatira zimene zimakhudza thumba lanu. Popeza sensa ndi sikirini sizikhala zoyaka nthawi imene mukusuzumira, batire limakhalitsa kwambiri. Pa muyezo wa CIPA umene makampani a makamera amagwiritsa ntchito, Nikon D850 imajambula zithunzi 1,840 pa batire limodzi, D780 imafika 2,260, Canon 5D Mark IV pafupifupi 900, pamene Nikon Z6 yoyamba, yopanda kagalasi, inali pa 310. Munthu wopita kukajambula chinkhoswe kumudzi kopanda magetsi amadziwa kufunika kwa nambala zimenezi. Koma mbali inayo, kagalasi ndi shutter ndi zinthu zoyenda, ndipo zimatha. Komanso poti fokasi imayezedwa pamalo ena ndipo chithunzi chimajambulidwa pamalo ena, ziwirizi zikasemphana ngakhale pang'ono pokha, mumaloza diso la munthu koma chakuthwa n'kukhala khutu. Makamera a akatswiri onse ali ndi pokonzera vutoli lenzi iliyonse payokha, Canon amati AF Microadjustment, Nikon amati AF Fine-Tune. Makamera ambiri oyambira alibe zimenezi, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zinthu zenizeni zimene mukulipirira mukakwera.

Pali china chimene wogula DSLR lero ayenera kuchidziwa bwinobwino. Makampani awiri akuluwa, Canon ndi Nikon, anasamutsira mphamvu zawo ku makamera opanda kagalasi. Pa makamera a sensa yaikulu, Sony inatsegula njirayi ndi A7 mu 2013, ndipo mu 2018 Nikon inatulutsa Z6 ndi Z7, Canon n'kutulutsa EOS R. Ma DSLR akuluakulu omaliza, Canon EOS-1D X Mark III ndi Nikon D6, onse anatuluka kumayambiriro kwa 2020. Kumapeto kwa 2021 mkulu wa Canon, Fujio Mitarai, anauza nyuzipepala ya ku Japan ya Yomiuri kuti 1D X Mark III ndiyo yomaliza pa ma DSLR apamwamba a kampaniyo. Pentax ndi imene inapitirizabe, ndi K-3 Mark III ya mu 2021. Ena amamva nkhaniyi ngati chenjezo loti osagulanso DSLR. Ine ndimaimva mosiyana: ojambula a ku Ulaya, America ndi South Africa akugulitsa mabodi ndi malenzi abwino kuti asamuke, ndipo mitengo ya zogwiritsidwa kale ntchito yatsika kwambiri poyerekeza ndi pamene zinkatuluka. 5D Mark IV inatuluka pa madola 3,499 mu 2016, D850 pa madola 3,299 mu 2017. Zithunzi zake sizinachepe kukongola chifukwa choti kwatuluka zina.

Tsopano nkhani ya Canon ndi Nikon. Kusiyana kwake kwenikweni kuli pakamwa pa bodi, pamene lenzi imalowa. Nikon inayamba kugwiritsa ntchito kamwa la F mu 1959 ndipo yalisunga mpaka pa D6. Canon inataya kamwa lake lakale mu 1987 n'kuyamba la EF, limene lenzi ndi bodi zimalankhulana ndi magetsi okhaokha, ndipo mota ya fokasi imakhala mu lenzi. Lenzi ya Canon silowa pa Nikon. Fulashi ya kampani ina siyeza kuwala payokha pa bodi ya inzake, mabatire ndi osiyana, ngakhale mbali imene mumapotolera lenzi poimanga ndi yosiyana. Pakatha zaka zingapo, ndalama zimene mwaika mu malenzi ndi mafulashi zimaposa za bodi kutalitali, ndiye kusintha kampani kumakhala kuyambiranso.

N'chifukwa chake funso loyamba ndi lapafupi kwambiri: anzanu amene mumagwira nawo ntchito ali ndi chiyani? Ngati ojambula amene mumabwerekana nawo zida ku Blantyre, Lilongwe kapena Chipata ali pa Canon, ndiye kuti Loweruka lina lenzi yanu ya 70-200mm ikafa mudzapeza pobwereka, batire la LP-E6 lidzapezeka m'chikwama cha mnzanu. Batire limeneli, ndi mitundu yake yatsopano, limalowa mu 5D Mark II, III ndi IV, 6D, 7D ndi 90D. Ku Nikon, EN-EL15 imalowa mu D750, D780, D810, D850 ndi D500. Pentax K-1 ndi kamera yabwino ndithu, ya megapixel 36 ndipo ili ndi chochepetsa kugwedezeka m'bodi momwemo, koma mukaigula mudzakhala nokha, opanda wobwerekana naye.

Ganiziraninso za mawa. Malenzi a EF amagwira ntchito bwino pa ma Canon opanda kagalasi kudzera pa adaputala ya EF-EOS R. A Nikon amadutsa pa adaputala ya FTZ, koma malenzi akale a AF-D, amene fokasi yake imazunguzidwa ndi mota ya m'bodi, amataya fokasi yodzichitira yokha. Ngati mukugula malenzi a Nikon ndi maganizo odzasamuka nawo, tengani a AF-S. Ndipo amene mukuchokera pa kamera ya sensa yaing'ono, dziwani kuti malenzi a Canon a EF-S salowa n'komwe pa 5D kapena 6D. A Nikon a DX amalowa pa bodi yaikulu, koma amagwiritsa ntchito pakati pa sensa pokha, moti D750 ya megapixel 24 imatsala ndi pafupifupi 10.

Makamera amene timawatcha a akatswiri sali gulu limodzi. Pamwamba pali zimphona ziwiri zija. 1D X Mark III ili ndi megapixel 20.1 ndipo imawombera zithunzi 16 pa sekondi mukusuzumira. D6 ili ndi 20.8 ndipo imafika 14. Iliyonse imalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka popanda lenzi, ndipo zonse zinatuluka pa madola pafupifupi 6,500. Taonani kuti makamera odula kuposa onse ali ndi megapixel ochepa kuposa D850. Anapangidwira ojambula masewera ndi atolankhani, anthu ofuna fokasi yosataya wosewera ngakhale wina amudutse kutsogolo, bodi yopirira mvula, ndi mafayilo ang'onoang'ono otumizika msanga. Ngati ntchito yanu ndi kukhala kuseri kwa golo pa Bingu National Stadium kapena Kamuzu Stadium sabata ndi sabata, gulu limeneli ndi lanu, ndipo 1D X Mark II kapena D5, zonse za mu 2016, zikadali zamphamvu. Wa maukwati sakufunika zimenezi. Adzangosenza katundu tsiku lonse, khosi n'kumawawa, ndalama zimene zikanagula malenzi awiri abwino zitathera pa liwiro limene saligwiritsa ntchito.

Ojambula ambiri amadyera pa gulu lapakati, la sensa yaikulu ya mamilimita 36 kwa 24. Apa pali 5D Mark III ya mu 2012 ya megapixel 22.3, 5D Mark IV ya 30.4, D750 ya mu 2014 ya 24.3, D780 ya mu 2020 ya 24.5, ndi D850 ya 45.7. Zonsezi zimawombera zithunzi pakati pa 6 ndi 7 pa sekondi, zokwanira kugwira mphete ikulowa chala kapena ndalama zikuuluka pa perekaniperekani.

Kusiyana kwake kumaonekera pamalo amodzi amene wojambula wa kuno amakumana nawo pafupifupi ukwati uliwonse. Nthawi ili cha m'ma 12 masana, mwezi wa Okutobala, akwati atuluka m'tchalitchi. Diresi ndi loyera mbee, dzuwa lili paliwombo, nkhope ya mkwatibwi ili mumthunzi wa velo, mkwati wavala suti yakuda. Mukayeza kuwala pa nkhope, diresi limapserera, maluwa ndi mikanda yake osaonekanso. Mukayeza pa diresi, nkhope zimada. Njira yake ndi kuteteza diresi pojambula, kenako n'kudzawalitsa nkhope pa kompyuta kuchokera mu fayilo ya RAW, imene imasunga zonse zimene sensa inagwira. Apa m'pamene masensa amasiyana. D750, D810 ndi D850 zimalola kuwalitsa mthunzi kwambiri chithunzi chili chosalala, ndipo D810 ndi D850 zimatsitsa ISO, muyezo wa mmene sensa imamvera kuwala, mpaka 64, imene imasunga zambiri pakati pa poyera ndi pakuda. 5D Mark III mukaikoka choncho, pakhungu pamatuluka timadontho tamitundu ndi timizere. Canon inakonza kwambiri vutoli pa Mark IV. Ndiye ngati mukusankha pakati pa Mark III ndi Mark IV ndipo ndalama ikulola, chifukwa chenicheni chotengera Mark IV ndi chimenechi, osati megapixel 8 owonjezerawo. Fulashi yowalitsira nkhope imathandiza pa kamera iliyonse, koma si nthawi zonse pamene mpata wake umapezeka.

Madzulo mu holo mavuto amasintha. Magetsi athu ndi a 50 Hz, ndipo machubu ndi mababu ena amaphethira maulendo 100 pa sekondi. Diso siliona, koma shutter yothamanga imaona: chithunzi china chimatuluka chowala, chotsatira chachikasu kapena chakuda mbali imodzi. Canon inayamba kuika chodikirira nthawi imene nyali yawala kwambiri pa 7D Mark II mu 2014. 5D Mark IV, D500, D850 ndi D780 zili nacho, pamene 5D Mark III ndi D750 zilibe. Ndi kanthu kosatchulidwa kawirikawiri, koma kamapulumutsa maola ambiri okonza mitundu.

Nanga megapixel aja? Tiwerengere. Kuchapa chithunzi chakuthwa bwino kumafuna timadontho 300 pa inchi. Pepala la A4 limafuna megapixel osakwana 9, la A3 pafupifupi 17. Kamera ya megapixel 24 imadzaza chithunzi cha masentimita 51 kwa 34 pa muyezo womwewo, ndipo chikakula kuposa apo anthu amachionera patali. Zithunzi zambiri zimathera pa WhatsApp ndi Facebook, kumene zimafinyidwa kwambiri. Megapixel 45.7 a D850 ali ndi eni ake: ojambula zotsatsa malonda, nyumba, malo monga phiri la Mulanje, kapena mbalame imene muyenera kuidula kuchokera pakati pa chithunzi. Koma ali ndi mtengo wobisika. RAW imodzi imakhala pafupifupi 50 MB, ndiye zithunzi 2,000 za ukwati umodzi ndi 100 GB. Makhadi osungira zithunzi, ma hard drive ndi laputopu yonyamula mafayilo otere zonse zimafuna ndalama. Sensa yotere imaonetsanso poyera kufooka kwa lenzi yotchipa ndi kunjenjemera kwa dzanja.

Chinthu chimene sindingalole kuti munthu wolipidwa achinyalanyaze ndi mipata iwiri ya makhadi. Ukwati subwerezedwa, maliro sabwerezedwa, mwambo wa omaliza maphunziro subwerezedwa. Khadi limafa osachenjeza, makamaka makhadi achinyengo amene adzaza m'misika. Kamera ya mipata iwiri imalemba chithunzi chilichonse pawiri. 5D Mark III ndi IV zimatenga makhadi a CF ndi SD, D750 ndi D780 zimatenga ma SD awiri, D850 ndi D500 zimatenga XQD ndi SD. Canon 6D, 6D Mark II ndi 90D zili ndi mpata umodzi basi, ndipo ngakhale zithunzi zake n'zokongola, pa chifukwa chimenechi ndimaziika ngati kamera yachiwiri. Mtundu wa khadi nawonso uwerengereni: SD imapezeka paliponse, pamene XQD ndi CFexpress, zimene D6 imafuna, ndi zodula ndipo nthawi zambiri mpaka kuitanitsa kunja pamodzi ndi chowerengera chake. Mpata wa SD wa 5D Mark III ndi wochedwa, moti mukamalemba pa makhadi onse awiri kamera imatenga nthawi kupuma mukawombera motsatizana.

Sensa yaing'ono si ya oyamba kumene okha. Nikon D500 ya mu 2016 ndi Canon 7D Mark II zimawombera zithunzi 10 pa sekondi, zili ndi mabodi olimba ndi mipata iwiri, ndipo D500 inatenga fokasi ya madontho 153 yofanana ndi ya D5. Popeza sensa yake ndi yaing'ono, lenzi imaoneka ngati yatalika, kuchulukitsa ndi 1.5 pa Nikon ndi 1.6 pa Canon. Lenzi ya Nikon ya 200-500mm pa D500 imaona ngati 750mm. Wojambula njovu ndi nkhwazi ku Liwonde, Majete kapena South Luangwa amapindula nazo kuposa wa bodi yaikulu ya mtengo womwewo. Pofooka pake ndi mumdima, ndiponso pofuna kusungunula kumbuyo kwa munthu.

Makasitomala ambiri masiku ano amafuna zithunzi ndi vidiyo kwa munthu mmodzi, ndipo apa DSLR ili ndi malire. Pojambula vidiyo kagalasi kamakhala m'mwamba, kachipangizo ka fokasi kapansi kaja sikagwiranso ntchito. Canon inathetsa izi ndi Dual Pixel AF, njira yoyezera fokasi pa sensa penipeni, imene ili mu 5D Mark IV ndipo imatsata nkhope mosadukiza. Koma 4K ya kamera imeneyi imadula chithunzi ndi 1.74 ndipo imadya pafupifupi 4 GB pa mphindi imodzi. D850 imajambula 4K ndi sensa yonse m'lifupi, koma fokasi yake ya vidiyo imasakasaka. D780 ndiyo inatengera fokasi ya pa sensa ya Z6. Ngati vidiyo ndi theka la ntchito yanu, sankhani pakati pa 5D Mark IV ndi D780, apo ayi yang'anani ku makamera opanda kagalasi.

Ndalama zikakhala zoperewera, ndipo nthawi zambiri zimaperewera, chepetsani ndalama za bodi osati za lenzi. D750 yokhala ndi 24-70mm f/2.8 idzatulutsa ntchito yabwino kuposa D850 yokhala ndi lenzi yotsekeka ya f/5.6, chifukwa nambala ya f ikachepa khomo la lenzi limakula, ndipo f/2.8 imalowetsa kuwala kochuluka kanayi. M'tchalitchi izi zikutanthauza ISO 1600 m'malo mwa 6400. Malenzi awiri, 24-70 ndi 70-200 a f/2.8, ndiwo amagwira ntchito yambiri ya zochitika, ndipo a Tamron a G2 komanso a Sigma amachita bwino pa mtengo wotsikirapo. Ka 50mm f/1.8 n'kotchipa m'makampani onse awiri ndipo kamapulumutsa kukada. Mabodi awiri apakatikati amaposanso bodi imodzi yodula, chifukwa ina ikafa pakati pa mwambo mumangotembenukira ku inayo, komanso simusinthasintha malenzi pafumbi.

Popeza ambiri adzagula yogwiritsidwa kale ntchito, funsani shutter count, nambala ya maulendo amene shutter yatseguka, musanakambe za mtengo. Canon inayesa shutter ya 5D Mark III ndi IV kufika 150,000, chimodzimodzi Nikon pa D750. D850 ndi 200,000, D5 ndi 400,000, 1D X Mark III ndi 500,000. Nambalazi si tsiku la imfa, zina zimapitirira kwambiri, zina zimafa msanga. Koma kamera ya wojambula masewera ili ngati minibasi ya pamsewu wa Lilongwe ndi Blantyre, ingaoneke yatsopano kunja pamene m'kati yayenda mtunda woopsa. Nikon imalemba nambalayi m'kati mwa fayilo ya chithunzi chilichonse, ndipo masamba a pa intaneti amaiwerenga. Canon 5D imafuna kulumikizidwa ku kompyuta ndi pulogalamu yapadera, pamene 1D X imaionetsa pa menyu. Wogulitsa akamazemba funsoli, muli ndi chifukwa chokayikira. Pa D750 funsaninso ngati inakonzedwapo, chifukwa Nikon inalengeza vuto la shutter pa ena mwa makamera amenewa ndipo inkawakonza ulere.

Kamera ikakhala m'manja mwanu, tengani nthawi. Ikani lenzi pa f/16, jambulani khoma loyera kapena thambo, kenako kulitsani chithunzicho. Timadontho ta fumbi timapukutika, koma mzere wokandika pa sensa sukonzeka motchipa. Walitsani tochi mu mpata wa CF muone ngati timapini tonse tili chilili, chifukwa kamodzi kakapindika ndi ntchito ya mmisiri. Yesani mipata yonse iwiri, dinani batani lililonse, zunguzani mawilo onse. Jambulani zolemba za pa nyuzipepala mopendekeka, lenzi itatsegulidwa yonse, muone ngati fokasi ikugwera pa mzere umene mwaloza. Lenzi iunikeni ndi tochi kuchokera kumbuyo: mukaona tinthu tonga ulusi wa kangaude m'kati mwa galasi, imeneyo ndi nkhungu ya chinyezi, ndipo imafala nthawi ya dzinja makamaka m'madera a m'mbali mwa nyanja monga Nkhata Bay ndi Mangochi. Lenzi yotere isiyeni. Zanu zomwe muzizisunga m'bokosi lotseka bwino lokhala ndi timapaketi ta silica gel, osati m'chikwama pansi pa bedi.

Pa mtengo umene mwagwirizana wonjezeranipo batire lachiwiri, makhadi anayi ogulidwa kwa wogulitsa wodalirika, zopukutira sensa, ndi msonkho ngati kamera ikuchokera kunja. Sunganinso kandalama kapadera ka shutter, chifukwa ikadzafa mwina kamera idzayenera kupita ku Johannesburg kapena Cape Town kukakonzedwa, ndipo masabata amenewo maoda adzakhala akudalira bodi yachiwiri ija.